Naloxone m'sukulu za ku America: ikhale pati, apereke ndani, ndipo mwana akagwa tiyambire pati?

Nabanda: Moni nonse pagulu. Makolo angapo amene ali ndi ana m'masekondale a kuno ku America akufunsa za makalata ochokera kusukulu otchula naloxone, ena akulemba kuti Narcan, mankhwala obwezeretsa kupuma kwa munthu amene wakomoka ndi mankhwala a gulu la opioid. Sakumvetsa chifukwa chake sukulu ikusunga mankhwala otere. Amene ali m'makomiti a makolo nawonso akufuna kudziwa zoti akafunse kumsonkhano. Pagulu pano tili ndi anamwino, a ambulansi, a ku famase ndi aphunzitsi. Chonde tifotokozereni mwatchutchutchu, zoti kholo lingathe kugwiritsa ntchito.

Nachisale, wa ku famase: Zikomo achemwali. Tiyambe ndi chimene chikupha anawa, chifukwa ambiri akamva za opioid, gulu la mankhwala amphamvu opha ululu monga morphine ndi heroin, amaganiza za munthu wodzibaya jakisoni pansi pa mlatho. Kwa ana asukulu nkhani yake ndi piritsi. Ogulitsa amaumba mapiritsi ofanana ndendende ndi a ku famase: a buluu olembedwa M mbali ina ndi 30 mbali inayo, onamizira oxycodone, komanso onamizira Xanax, Percocet ndi Adderall. M'kati mwake mumakhala fentanyl, opioid amene mphamvu yake imaposa ya heroin ka 50 ndipo ya morphine ka 100. Mamiligalamu 2 okha, kaufa kokwana pansonga ya pensulo, angathe kupha munthu amene thupi lake silinazolowere. Mu 2023 bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo la DEA linati mwa mapiritsi abodza 10 alionse amene linapima, 7 anali ndi mlingo wotha kupha.

Choopsa china ndi kasakanizidwe kake. Amene amaumba mapiritsiwa sasakaniza bwino. Zili ngati kuthira mchere m'ndiwo osavundula: supuni iyi ilibe mchere, inayo yawawa. Ana awiri agawana piritsi limodzi, wina sakumva kanthu, mnzake wasiya kupuma. Kotero mawu akuti "ndingomwa theka" sateteza aliyense.

A Mwale, mphunzitsi: Ndiwonjezere mfundo imene makolo ambiri amaiphonya. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa Monitoring the Future wakhala akuonetsa kuti chiwerengero cha ana a sekondale ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo sichinakwere m'zaka za 2019 mpaka 2022. Chimene chinakwera ndi imfa. Achinyamata a zaka 14 mpaka 18 amene anafa chifukwa cha mankhwalawa anali osakwana 500 mu 2019, anafika pa 950 ndi kupitirira mu 2020, ndipo anapyola 1,100 mu 2021. Mu 2022 ankafa pafupifupi 22 sabata iliyonse, ngati kalasi yathunthu. Ndiye kuti ana sanaipe kuposa akale, koma piritsi loyesa kamodzi lasanduka lakupha. Mwana wanzeru wofuna kuchezera usiku kuwerenga mayeso atha kugula "Adderall" kudzera pa foni. Wina wovutika ndi nkhawa atha kulandira "Xanax" kwa mnzake wa m'timu. Kholo lonena kuti "wanga sangatero" likuganiza za chidakwa cha mankhwala, pomwe nkhani ndi ya piritsi limodzi.

Nabanda: Nanga zoika naloxone m'sukulu zinayamba liti?

Naphiri, namwino wa pasukulu: Mankhwalawo ndi akale, bungwe la boma loona za mankhwala ndi zakudya la FDA linawavomereza mu 1971 ngati jakisoni. Wofayira m'mphuno, Narcan wa mamiligalamu 4, anavomerezedwa mu 2015, ndipo chaka chomwecho bungwe la anamwino a m'sukulu la NASN linanena poyera kuti sukulu zizikhala naye. Koma zambiri zinasuntha imfa zitachitika m'sukulu momwemo. Mu September 2022 mtsikana wa zaka 15 anafera m'chimbudzi cha sekondale ina ku Hollywood, ndipo mwezi womwewo akuluakulu a sukulu za ku Los Angeles analengeza kuti sukulu zawo zonse zikhala ndi naloxone. Mu 2023 boma la Texas linakhazikitsa lamulo la SB 629 lokakamiza sukulu za giredi 6 mpaka 12 kukhala ndi mankhwalawa. Mu March chaka chomwecho FDA inalola kuti Narcan azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo mu October nduna ya maphunziro Miguel Cardona ndi mkulu wa ofesi ya White House yoona za mankhwala ozunguza bongo Rahul Gupta analembera sukulu zonse kuzilimbikitsa kuti zizisunga. Malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo, kotero funsani la kumene muliko.

A Mbewe, wa ambulansi: Ndisanafike pa kaperekedwe kake, mvetsani kaye mmene munthu amafera, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pamenepo. Opioid saimitsa mtima poyamba. Amagoneka mbali ya ubongo imene imalamula kupuma. Munthu amapuma pang'onopang'ono, kenako mwa apo ndi apo, kenako amasiya. Mtima umapitiriza kugunda kwa kanthawi, koma magazi akuzungulira opanda mpweya wabwino. Pakatha mphindi 4 kapena 5 ubongo umayamba kuwonongeka. Ndi heroin izi zinkatenga nthawi yaitali, koma ndi fentanyl zitha kuchitika m'mphindi zochepa. Ambulansi, ngakhale mumzinda, nthawi zambiri imafika mphindi zimenezi zitadutsa kale. Amene angapulumutse mwanayo ndi munthu amene ali pomwepo.

Zizindikiro ndi izi: sakudzuka ngakhale mumuitane mokweza ndi kumugwedeza, akupuma motalikitsa kwambiri kapena sakupuma, akuliza mkonono wachilendo ngati wotsamwa kapena kukhulukuta pakhosi, thupi lalobodoka ndipo lazizira, timwana ta m'maso tachepa ngati nsonga ya singano. Mkononowo ndi umene umapusitsa ambiri. Anthu amati "musiyeni agone, akuliza mkonono," pamene uku ndi kulephera kupuma.

Naphiri: Pamenepa nditsindike za ana athu. Zithunzi zambiri zophunzitsira zimati milomo imasanduka ya buluu. Pa khungu lakuda buluu ameneyo saoneka msanga. Nkhope imatuwa ngati phulusa. Tembenuzani mlomo muone m'kati mwake ndi usinini, yang'ananinso pansi pa zikhadabo. Pamene payenera kukhala pofiirira pamakhala potuwa kapena pakuda mopitirira. Mukapita kumsonkhano funsani ngati maphunziro a aphunzitsi amatchula zimenezi, chifukwa mphunzitsi wodikira milomo ya buluu pa mwana wakuda adzachedwa.

A Mbewe: Zoona anamwino. Tsopano zochita. Muitaneni ndi dzina mokuwa. Akapanda kuyankha, pindani chibakera, mupakize mfundo za zala pa fupa la pakati pa chifuwa mwamphamvu kwa masekondi angapo. Zimapweteka kwambiri, wongogona tulo amadzidzimuka. Akakhala chete, lozani munthu mmodzi ndi chala, "iwe, imba 911," wina "iwe, katenge naloxone ndi makina a mtima a AED." Mukangokuwa kuti wina aimbe, aliyense amaganiza kuti mnzake waimba.

Mugonekeni chagada. Sendani paketi, tulutsani kachipangizo. Kali ndi kamphuno kakang'ono pakati ndi batani pansi. Chala chachikulu chikhale pa batani, chamkombaphala ndi chapakati zikhale uku ndi uku kwa kamphunoko. Musayese kufaya m'mwamba kuti muone ngati kakugwira ntchito. Kali ndi mlingo umodzi wokha, mukadina kamodzi watha, ndipo ichi ndi cholakwa chofala kwambiri kwa anthu ochita mantha. Pendeketsani mutu chammbuyo pang'ono, lowetsani kamphunoko m'bowo limodzi la mphuno mpaka zala zanu zikhudze mphuno yake, dinani batani mwamphamvu mpaka pansi. Sikofunika kuti mwanayo akoke mpweya, mankhwala amalowa kudzera m'khungu la m'kati mwa mphuno.

Yang'anani nthawi. Pakatha mphindi 2 kapena 3 asanayambe kupuma bwino, tengani kachipangizo katsopano, fayirani m'bowo linalo. M'bokosi mumakhala tiwiri pa chifukwa chimenechi.

A Mwale: A Mbewe, pa mphindi ziwirizo munthu azingoyang'ana wotchi?

A Mbewe: Ayi aphunzitsi, ndipo apa ndi pamene maphunziro ambiri achidule amaperewera. Naloxone sapereka mpweya, amangochotsa chimene chatsekereza kupuma, ndipo amatenga mphindi zingapo. Pa nthawi imeneyo muzimupumira. Pendeketsani mutu, tukulani chibwano, onani kuti m'kamwa mulibe chingamu kapena masanzi, tsinani mphuno, muuzireni mpweya m'kamwa kawiri, kenako kamodzi pa masekondi 5 kapena 6 alionse. Muziona chifuwa chikukwera. Chikapanda kukwera, konzani mutu ndi chibwano. Ndi chifukwa chake m'bokosi la naloxone muyenera kukhala kapulasitiki kophimba pakamwa ndi magolovesi, chifukwa anthu ambiri amazengereza kuika mlomo wawo pa mlomo wa wina.

Ngati sakupuma konse ndipo simukumva kugunda kwa mtima, kapena simukutsimikiza, yambani kudinikiza pachifuwa: ka 100 mpaka 120 pa mphindi, kuya kwake masentimita 5, ka 30 kenako mpweya kawiri. Matani AED ikangofika, imakuuzani yokha chochita. Musasiye kudinikiza chifukwa chodikira naloxone.

Fentanyl nthawi zina amaumitsa minofu ya pachifuwa ndi nsagwada, moti mpweya umavuta kulowa. Musataye mtima, perekani naloxone ndipo pitirizani kuyesa.

Nabanda: Kholo lina lafunsa kumbali: bwanji ngati mwanayo wakomoka chifukwa cha shuga kapena khunyu, ndiye tamufayira naloxone?

Nachisale: Sizimuvulaza. Naloxone amagwira ntchito pamalo amodzi okha, pamene opioid amamatirira m'ubongo. Amamukankhapo n'kukhalapo iye. Ngati m'thupi mulibe opioid, palibe chimene amachita. Saledzeretsa, ndipo munthu sangamuzolowere. Ndi chifukwa chake lamulo lake ndi lakuti mukakayika perekani. Kungoti musaiwale kuti wa shuga kapena wa khunyu akufunikabe thandizo lake, ndiye 911 iimbidwe ndithu.

Chachiwiri chimene anthu samva bwino: mphamvu ya naloxone imatha pakati pa mphindi 30 ndi 90, pamene opioid atha kukhalabe m'thupi kupitirira apo. Mwana atha kudzuka, kulankhula bwinobwino, kupempha kuti makolo asauzidwe, kenako patapita ola limodzi n'kugwanso ali yekha m'basi. Aliyense wolandira naloxone apite kuchipatala, ngakhale akane bwanji.

Naphiri: Ndipo akadzuka sadzuka mwaulemu nthawi zonse. Amene thupi lake linazolowera opioid amadzuka akumva kuwawa thupi lonse, thukuta, nseru, kusanza, nthawi zina ukali. Amene sanazolowere amangodzuka wosokonezeka. Akayamba kupuma yekha mugonekeni chammbali, bondo lam'mwamba lopinda, dzanja pansi pa tsaya, kuti akasanza asatsamwe. Chotsani khamu la ana ojambula pa foni. Muuzeni modekha chimene chachitika. Osamumwetsa madzi kapena mkaka, osamuthira madzi ozizira, osamuyendetsa, osamusanzitsa. Zonsezi zimangodya nthawi, ndipo zina zimatsamwitsa.

A Mwale: Tsopano ndibwere ku funso la komiti, chifukwa sukulu yonena kuti "tili naye" sinayankhe kanthu. Funsani kuti ali pati. Sukulu zambiri zimamuika m'kabati ya namwino yokhoma. Namwino ali ku nkhomaliro, kapena amagwira sukulu ziwiri, kapena ndi 5 koloko madzulo nthawi ya masewero. Ana samwera mapiritsi m'kalasi. Zimachitika m'chimbudzi, m'chipinda chosinthira zovala, poimika magalimoto, kuseri kwa bwalo la mpira. Njira yosavuta yoyesera: munthu aime pa chimbudzi chakutali kwambiri, wina athamange kukatenga naloxone ndi kubwerera, wachitatu agwire wotchi. Zikapitirira mphindi 3, pakufunika bokosi lina pafupi. Malo abwino ndi pambali pa AED iliyonse, chifukwa aliyense amadziwa pamene ili ndipo sikhomedwa. Aphunzitsi amasewero akhale ndi lawo m'chikwama cha paulendo.

Funsaninso kuti anaphunzitsidwa ndani. Asakhale aphunzitsi okha. Osesa ndi alonda ndi amene amalowa m'zimbudzi kawirikawiri, oyendetsa basi ndi amene amapeza mwana "wogona" pampando wakumbuyo. Ndipo zitseko za zimbudzi, kodi ogwira ntchito ali ndi njira yotsegulira kuchokera kunja?

Naphiri: Pa kabati yokhomayo ndiyankhe pang'ono aphunzitsi, kuti makolo asapite kukakalipira anamwino. M'madera ambiri malamulo a mankhwala a pasukulu analembedwa kale, ndipo amati mankhwala onse akhomeredwe ndipo aperekedwe ndi namwino. Namwino payekha sangaphwanye zimenezo. Chofunika ndi chakuti bodi ya sukulu ilembe ndondomeko yapadera ya naloxone: asakhomeredwe, wogwira ntchito aliyense wophunzitsidwa apereke, ndipo pakhale dzina la munthu woyendera mabokosi mwezi ndi mwezi. Pempho lanu lipite ku bodi. Pa mfundo yoti asakhomeredwe tikugwirizana kwathunthu.

Nachisale: Woyenderayo aziona zinthu zitatu: tsiku lothera mphamvu, ngati paketi sinang'ambidwe, ndi kutentha kwa malo. Narcan asungidwe pa kutentha kwa m'nyumba, osapitirira madigiri 25 a Celsius, ngakhale amapirira kwa kanthawi mpaka 40. M'galimoto yoima padzuwa la ku Texas kapena Arizona mumatentha kuposa apo. M'chisanu cha ku Minnesota mankhwalawa amauma ngati ayezi ndipo safayika mpaka atasungunuka. Opanga anawonjezera nthawi yosungira kufika zaka 4 pa mabokosi otuluka kuyambira 2024, koma werengani tsiku lolembedwa pa lanu. Ngati pangozi muli ndi lotha nthawi lokha, gwiritsani ntchito lomwelo.

Za mtengo, bokosi la tiwiri linayamba kugulitsidwa pafupifupi madola 45 mu 2023. Madipatimenti a zaumoyo a m'maboma ambiri amapereka ulere. Pali RiVive wa mamiligalamu 3 wosafunanso kalata ya dokotala, ndi Kloxxado wa mamiligalamu 8. Ena amaganiza kuti wa 8 ndiye woyenera fentanyl. Ine ndingati sukulu igule mabokosi ambiri a 4 n'kuwamwaza ponseponse. Mlingo waukulu umawonjezera kusanza ndi kuwawa kwa wodzukayo, pamene chimene chimapha ana ndi kuchedwa.

A Gondwe: Ndikuwerenga zonsezi ndipo ndikuthokoza, koma ndili ndi nkhawa ngati kholo. Ku Los Angeles ndi ku Arlington ku Virginia analola ana kunyamula naloxone m'zikwama. Kodi sitikuwauza kuti yesani, mankhwala odzutsira alipo?

A Mbewe: Funso lake ndi lomveka bambo, ndipo makolo ambiri ali nalo. Choyamba, munthu wokomoka sangadzifayire yekha. Mwana wonyamula naloxone wanyamulira mnzake. Chachiwiri, onani zimene bungwe la boma loona za matenda la CDC linapeza litaunika imfa za achinyamata a zaka 10 mpaka 19 kuyambira July 2019 kufika December 2021. Pa imfa ziwiri mwa zitatu zilizonse panali munthu wina pafupi amene akanatha kuthandiza, koma nthawi zambiri sanachite kanthu, mwina chifukwa anali m'chipinda china kapena sanadziwe kuti pamwedwa mankhwala. Ambiri anafera kunyumba, osati kusukulu. Ndiye bokosi la pakhoma la sukulu, ngakhale ndi lofunika, silifika kumene imfa zambiri zikuchitikira. Chimene chimafikako ndi mwana wophunzitsidwa ndi kholo lophunzitsidwa. Sukulu ndi malo amene tingawapeze onse pamodzi. Ndipo m'nyumba iliyonse yokhala ndi wachinyamata mukhale bokosi, pamalo odziwika kwa onse, monga zilili ndi chozimitsira moto.

A Gondwe: Pa zakunyumbazo mwandigwira mtima. Komabe chilango chisachoke. Mwana wobweretsa mapiritsi kusukulu adziwe kuti pali zotsatira.

A Mwale: Wogulitsa, inde. Koma taganizirani ana atatu m'chimbudzi, mmodzi wagwa. Awiri otsalawo nawonso amwa, kapena ali ndi piritsi m'thumba. Ngati lamulo la sukulu likuti wopezeka nazo achotsedwa, adzayamba kumuwaza madzi, kumumenya mbama, kutaya mapiritsi, kukambirana choti anene. Mphindi 10 zatha. Kwa ana a m'mabanja obwera ngati athu pali mantha owonjezera: apolisi, mapepala a makolo, manyazi ku mpingo ndi kwa abale. Zigawo zambiri za America zili ndi malamulo otchedwa Good Samaritan oteteza woimba 911 ku milandu ina ya kupezeka ndi mankhwala ochepa, ngakhale kukula kwa chitetezocho kumasiyana. Koma malamulo amenewo sakhudza chilango cha sukulu. Komiti ipemphe kuti m'buku la malamulo a ophunzira mulembedwe momveka kuti woitana thandizo sachotsedwa sukulu chifukwa cha zimene zapezeka pa nthawiyo, ndipo ana auzidwe zimenezi kumayambiriro kwa chaka. Kunyumbanso nenani chimodzimodzi: "ukaona mnzako sakudzuka imba 911 kaye, za mkwiyo wanga tikambirana mawa."

Naphiri: Mantha ena ali mwa akuluakulu. Pamayenda makanema oonetsa munthu akugwa atangokhudza ufa wa fentanyl. Mu 2017 mabungwe awiri a madokotala a za poizoni ku America, ACMT ndi AACT, ananena kuti kukhudza mwangozi ufa kapena piritsi pakhungu n'kovuta kwambiri kuti kubweretse ngozi yotere. Mphunzitsi asaope kugwira mwana. Valani magolovesi ngati alipo, sambani ndi sopo ndi madzi mukamaliza, musadzigwire m'maso kapena m'kamwa. Mapiritsi opezeka pamalopo musawataye, aonetseni a ambulansi.

A Mbewe: Pali xylazine, mankhwala ogonetsa ziweto amene akusakanizidwa ndi fentanyl, ndipo mu April 2023 boma linalengeza kuti ndi chiopsezo chatsopano. Iyeyu si opioid, naloxone samuchotsa. Zotsatira zake, mwana atha kuyamba kupuma koma osadzuka. Anthu akaona sakutsegula maso amangofayira kachitatu, kachinayi, kachisanu. Cholinga ndi kupuma. Werengani: akamapuma yekha mokhazikika, ka 10 kapena 12 pa mphindi, ndipo usinini wabwerera mtundu wake, mugonekeni chammbali n'kumuyang'anira mpaka ambulansi ifike.

Nangondo, ku Leeds: Moni a ku America. Kuno ku Britain zinthu ndi zosiyana pang'ono. Nambala ndi 999. Naloxone amapezeka makamaka kudzera m'mabungwe othandiza anthu ogwiritsa ntchito mankhwala, amene analoledwa kugawa popanda kalata ya dokotala kuyambira 2015. Wam'mphuno wodziwika ndi Nyxoid wa mamiligalamu 1.8, ndipo pali jakisoni wa Prenoxad. Chimene chikudetsa nkhawa kuno ndi gulu la mankhwala otchedwa nitazenes, ena mwa iwo amphamvu kuposa fentanyl, amene apezeka m'mapiritsi abodza ogulidwa pa intaneti. Naloxone amagwira ntchito pa iwonso, kungoti angafunike kubwereza. Komanso mu 2024 mankhwala a chifuwa amadzi a codeine anasinthidwa kukhala ofuna kalata ya dokotala, chifukwa achinyamata ankawasakaniza ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi.

A Tembo, ku Johannesburg: Za codeine zimenezo ndi zimene zikutikhudza ife kumwera kuno. Mapiritsi a fentanyl si nkhani yaikulu m'sukulu zathu monga ku America, koma mabotolo a mankhwala a chifuwa ndi nkhani. Ku Zimbabwe BronCleer, amene achinyamata amamutcha bronco, ndi wodziwika m'makwalala. Nigeria inaletsa kupanga ndi kuitanitsa mankhwala a chifuwa a codeine mu 2018. Palinso tramadol. Kodi zomwe mwafotokozazi zikugwira ntchito pa amenewa?

Nachisale: Inde achimwene, codeine ndi tramadol onse ndi ma opioid, ndipo zizindikiro zake ndi zomwezo, makamaka akasakaniza ndi mowa kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Kusakanizako ndi kumene kumaimitsa kupuma. Tramadol ali ndi vuto lake lina: womwa wambiri amagwa ngati wakhunyu, ndipo naloxone sathetsa kugwedezekako. Kumene wam'mphuno sapezeka, naloxone amakhala m'zipatala ngati jakisoni wa mamiligalamu 0.4 mu mililita imodzi. Ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira, ndipo mu 2014 WHO inalangiza kuti anthu amene angakhale pafupi ndi ngozi zotere azikhala naye. Kwa matroni kapena mphunzitsi wa sukulu yogonera komweko amene alibe naloxone, chida chake ndi mpweya wake: kutsegula njira ya mpweya, kumupumira njira yonse mpaka kuchipatala, ndi kunyamula botolo kapena paketi kuti adokotala aone. Kumupumira kokhako kungasunge moyo mpaka jakisoni atapezeka. Choopsa ndi kumuika pabedi kuti "mowa uphwe."

Nabanda: Tisanachoke pa kapewedwe, nanga timapepala topimira fentanyl?

Nachisale: Timagwira ntchito, koma malire ake ndi aakulu. Piritsi limaphwanyidwa n'kusungunulidwa m'madzi pang'ono, kapepala kamaviikidwa masekondi 15, ndipo pakapita mphindi zingapo mzere umodzi umatanthauza kuti fentanyl alimo, mizere iwiri kuti sanapezeke. Ambiri amawerenga mozondoka chifukwa anazolowera zopimira mimba. Ndipo chifukwa cha kasakanizidwe kaja, kupala m'mbali mwa piritsi n'kupima sikunena za mbali inayo. Sitipezanso nitazenes. Kwa mwana wasukulu uthenga wolimba ndi umodzi: piritsi losachokera m'botolo la ku famase lolembedwa dzina lako ulitenge kuti ndi labodza, ngakhale wakupatsa ndi mnzako wapamtima, chifukwa nayenso sakudziwa kumene linachokera.

Kunyumba, mapiritsi opha ululu otsala a opareshoni kapena a mano musawasunge m'kabati ya kubafa. Akhomereni, muziwerenga, ndipo otsalawo kaponyeni m'mabokosi a ku famase kapena pa tsiku lotolera la DEA limene limachitika mu April ndi mu October.

A Mwale: Pa kaphunzitsidwe, msonkhano umodzi pachaka woonetsa zithunzi za maliro susintha zambiri. Pulogalamu yakale ya DARE, yophunzitsa ana m'sukulu kupewa mankhwala ozunguza bongo, itaunikidwa inapezeka kuti sinkachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka mankhwala. Ana akagwira wamkulu akukokomeza pa chamba, sakhulupiriranso zimene akunena pa fentanyl. Chimene chimalowa ndi kuwauza zoona ndi kuwagwiritsa kachipangizo kophunzirira m'manja, aliyense adine yekha, agoneke mnzake chammbali, ayeseze mawu oyankhula pa 911: adilesi, khomo lolowera, "sakupuma, sakudzuka."

Naphiri: Ndipo ndondomeko isathere pa ambulansi. Mu kafukufuku wa CDC uja, pafupifupi 4 mwa 10 alionse anali ndi mbiri ya vuto la maganizo, kotero mwana wopulumuka aunikidwe za nkhawa, kukhumudwa ndi maganizo odzipha. Nambala ya 988, yothandiza ovutika maganizo, imayankha usana ndi usiku. Ngati wapezeka kuti thupi linazolowera opioid, pali buprenorphine, mankhwala othandiza kusiya opioid, ovomerezeka kuyambira zaka 16, ndipo bungwe la madokotala a ana la AAP linalimbikitsa chithandizo cha mankhwala kwa achinyamata kuyambira 2016. Kuyambira 2023 dokotala safunikanso chilolezo chapadera kuti alembe mankhwalawa, ndiye yambani kufunsa kwa dokotala wa mwanayo.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene akubwerera. Akakhala sabata imodzi kapena ziwiri osamwa, kuchipatala kapena kunyumba pa chilango, thupi limataya kuzolowera kuja, ndipo mlingo umene ankapirira kale ungamuphe. Asanabwerere m'kalasi pakhale kukumana kwa kholo, namwino ndi mlangizi, asankhidwe wamkulu mmodzi amene mwanayo amamasuka naye, banja lipatsidwe bokosi lakelake, ndipo bokosi la pakhoma limene linagwiritsidwa ntchito libwezeretsedwe tsiku lomwelo, ana asanaweruke.